Sineki ya mpingo wathu yayamba kufa matchanelo, tikulakwitsa pati?

Kwaya_Ulongue
Wawa nonse. Ndithandizeni nzeru inu amene mumagwira ntchito ya zokuzira mawu. Mpingo wathu unasonkha ndalama n'kugula sineki, chingwe chachikulu chija chonyamula mawu a ma maiki ambiri, ya mamita 50, ya matchanelo (njira za mawu) 24 opita kumikisa ndi 4 obwerera kusiteji. Sinali yatsopano, koma titaiyesa tsiku logula matchanelo onse ankayankha bwinobwino. Chaka sichinathe koma nambala 7 yafa, nambala 12 imathetheka munthu akangokhudza chingwe, ndipo 19 imatulutsa mawu opyapyala osamveka. Chinanso, tikachiyala pansi chingwecho sichigona mowongoka, chimadzuka m'malo ena n'kumapotana chokha. Pokulunga amagwira anyamata atatu, mmodzi amatchera phewa, awiri n'kumamuzunguliza, kenako timamanga ndi malegeni n'kuika kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi masipika. Timayenda nacho ku Dómuè, ku Lifidzi, nthawi zina mpaka ku Tsangano. Kodi vuto ndi kakulungidwe, kanyamulidwe, kapena anatigulitsa chakutha kale?

DJ_Fumbi_Moatize
Anakugulitsani chakutha, achimwene. Sineki yabwino mwini wake sagulitsa.

Madala_Waya
Ayi aDJ, musawatayitse mtima. Mwamva nokha kuti tsiku logula matchanelo onse 28 ankayankha. Chingwe chikamadzuka chokha pansi ndiye kuti chapotoka mkati, ndipo kupotokako akukuika okha nthawi iliyonse akamakulunga.

Achimwene a ku Ulongue, tamverani. Mukamazunguliza chingwe mbali imodzimodzi, mkombero uliwonse umachipotola kamodzi. Mkombero wotambalala mita imodzi umadya mamita atatu ndi pang'ono, ndiye pa mamita 50 mwachipotola ka 16. Paphewa la munthu mikombero imakhala yaing'ono kuposa apo, choncho kupotokako kumachuluka. Chingwe cha maiki chachifupi sichivutika kwambiri chifukwa nsonga yake imazungulira yokha n'kutaya kupotokako. Koma sineki kumapeto kwake kuli bokosi lolemera la kusiteji, lolumikizamo ma maiki, lomwe silizungulira. Kupotoka konse kumakankhidwira kutsogolo n'kukaunjikana, ndipo anyamata akaona chingwe chikukana amachikakamiza ndi mphamvu.

Mkatimo muli timawaya ta kopa tating'ono kwambiri. Tchanelo chilichonse chili ndi tiwiri topotana, tokutidwa ndi kachipepala ka aluminiyamu, pamodzi ndi kawaya kamodzi kosavala. Magulu 28 oterewa agonekedwa mozungulirana. Mukapotola, akunja amakokeka, amkati amafwanyika, kachipepala kaja kamang'ambika. Kunja mphira imaoneka yabwinobwino pamene mkati zinthu zikutha.

Mankhwala ake ndi kukulunga molemba nambala 8 yogona. Yalani lona pansi, ikani zidebe ziwiri motalikirana mita imodzi. Chingwe chizungulire chidebe choyamba cha kumanja, chidutse pakati, chizungulire chachiwiri cha kumanzere, chibwererenso. Mkombero umodzi ukapotola, unzake umapotolola, ndiye mukamaliza chingwe chonse chilibe kupotoka ngakhale kumodzi. Pomasula mumangogwira nsonga ya pamwamba n'kuyenda, chimatuluka chokha osapiringizika.

Mnyamata_wa_Zingwe
Madala, zimenezi n'zoona koma mukunena za masana. Ukwati umatha 2 koloko usiku, jenereta azimitsa, galimoto ikuliza hutala, wina aziyala lona n'kufunafuna zidebe? Ife amene timakulungafe ndi amene timadziwa.

Madala_Waya
Mwana wanga, 8 amafulumira kuposa paphewa. Anthu awiri basi, mmodzi akukokera chingwe pafupi, wina akugoneka. Zidebe n'zophunzirira chabe, manja akazolowera simuzifunanso. Ndipo mphindi zimene mukuganiza kuti mwapulumutsa usiku mumakazilipira m'mawa pomasula mfundo anthu atakhala kale m'mabenchi.

NaPhiri_Domwe
Koma mnyamatayu asanyozedwe, ali ndi mfundo. Ine ndimayang'anira kwaya ya amayi ndipo ndimaona momwe timachitira nawo ana amenewa. Amafika woyamba, amachoka omaliza, pogawa chakudya amakhala ali pamikisa, akamabwera ndiwo zatha. Ndiye munthu wanjala, wotopa, timuyembekezere kusamala chingwe chimene sanauzidwe n'komwe kuti chinadya ndalama zingati? Kwathu tinagwirizana kuti mbale za anyamata a zingwe zizipatulidwa poyambirira, ndiponso jenereta isazime mpaka sineki italowa m'malo mwake. Babu limodzi lokha likhale loyaka pasiteji, zikwanira.

Mnyamata_wa_Zingwe
Zikomo mayi. Zoti jenereta izidikira sineki ndikazinena kwa abwana athu.

DJ_Fumbi_Moatize
Za chakudyazo zili paliponse. Kuno eni phwando amawerengera DJ yekha ngati kuti masipika amadzikweza okha pagalimoto. Ine masiku ano ndimanena poyamba pokambirana mtengo kuti tabwera anthu anayi, mbale zinayi. Amene wakana ndimamusiya.

Mlongo_Tsangano
Tibwerere kuchingwe abale. Ine funso langa ndi la malegeni. Alakwa chiyani? Kuno aliyense amamangira malegeni, ngakhale matumba a mbatatesi panjinga.

Madala_Waya
Achemwali, legeni ntchito yake ndi kufinya, ndipo silisiya kufinya mpaka mutalimasula. Likakhala pachingwe sabata yathunthu limasiya khosi pamphira, makamaka kunja kukatentha. Gwiritsani ntchito nsanza za chitenje zotambalala kapena lamba wansalu, mumange moti chala chizilowa. Waya ayi. Tepi wakuda uja ayinso, ulimbo wake umasungunuka n'kumagwira fumbi.

Kalipentala_Furancungo
Ine si wa zamawu, ndine wa matabwa, koma ndinapangirako tchalitchi chathu bokosi la sineki. Nambala 8 yo ndi yabwino, koma mukaikulungira pa lona kenako n'kuinyamula m'manja, imasokonekera musanafike pagalimoto. Bwino kukulungira m'bokosi momwemo. Lathu ndi lotalika mita ndi masentimita 20, m'lifupi masentimita 60, kuya masentimita 40. Mkati ndinaimikamo zipilala ziwiri zozungulira m'malo mwa zidebe zija, ndipo kumbali imodzi ndinadula kachipinda ka bokosi la kusiteji kuti chitsulo chake chisamakhule chingwe. Zogwirira zinayi, ziwiri mbali iliyonse. Matayala sindinaike, pamsewu wa kuno amathyoka tsiku lomwelo.

Kwaya_Ulongue
Zikomo akalipentala. Nanga m'bokosimo timayamba kulowetsa mbali iti, ya kusiteji kapena ya kumikisa?

Madala_Waya
Zimatengera komwe bokosi lizikhala pa nthawi ya mwambo. Ine ndimaliika pambali pa siteji. Ndiye mbali ya kusiteji imalowa poyamba n'kukhala pansi, mbali ya michira, tizingwe ta mapulagi tolowa m'mikisa, imathera pamwamba. Pofika ndimangonyamula michira n'kupita nayo kumikisa, ndipo ngati mtunda ndi mamita 30 okha, mamita 20 otsalawo amakhala m'bokosi osawakhudza. Lamulo n'limodzi: nsonga imene yalowa pomaliza ndiyo ituluke poyamba. Mukakoka ya pansi kudutsitsa m'mikombero, mupanga mfundo zimene zidzakutengerani ola.

Michirayo isamaleni kuposa china chilichonse, chifukwa ndi yopyapyala ndipo sineki zambiri zimafera pomwepo. Isakhwekhwerezedwe pansi. Ilowetseni m'kathumba kansalu n'kumanga pakamwa, ndipo ponyamula mugwire chingwe chachikulu, osati mapulagi. Pamikisa, mangirirani chingwe chachikulu kumwendo wa tebulo kuti kulemera kwake kusalendewere pamapulagi.

Zomba_wa_ku_Zobue
Ine sindigwirizana ndi za mabokosizi. Chigudumu basi. Ndinapeza chigudumu chathabwa chija amakulungirapo nthambo za magetsi, ndinachiika pachitsulo choti chizizungulira, ndinalumikizapo chogwirira. Munthu mmodzi amapukusa, mphindi zochepa zatha. Palibe 8, palibe zidebe, palibe kuphunzitsa munthu.

Madala_Waya
Chigudumu sichipotola chingwe, pamenepo mwanena zoona, bola chizizungulira pokulunga ndi pomasula pomwe. Tsiku limene wina adzachigoneke cham'mbali n'kumasolola chingwe cha pamwamba, mkombero uliwonse udzatuluka ndi kupotoka kwake. Chachiwiri ndi mtima wa chigudumucho. Opanga zingwe ambiri amalangiza kuti popinda, mtunda wochoka pakati pa mkombero kufika pachingwe usachepere kunenepa kwa chingwecho kuchulukitsa ka 10. Sineki yonenepa masentimita awiri ndiye kuti mtimawo utambalale masentimita 40 kapena kuposa. Zigudumu zambiri zotola zili ndi mtima waung'ono, ndipo mikombero yoyamba ndi imene imavutika.

Zomba_wa_ku_Zobue
Changa ndinachikhomera timatabwa kuzungulira mtima kuti unenepe. Koma ndikuvomera kuti kulemera ndiye kulipo, pokweza timafunika anthu atatu.

Mnyamata_wa_Zingwe
Nanga pachigudumu bokosi la kusiteji limakhala kuti? Silizungulira nawo?

Zomba_wa_ku_Zobue
Limazungulira nawo. Ndinalikhomera kumbali kwa chigudumu, chingwe chinalowera pabowo. Ndiye umayamba wamasula chingwe chokwanira, kenako n'kulumikiza ma maiki. Ukalumikiza usanamasule, zingwe za maiki zonse zidzakulungana.

Dalaivala_Mussacama
Ndilankhuleko ine amene ndimanyamula katundu wanuyu. Ndimayenda msewu wa Ulongue kutsikira ku Mussacama, kulowa N7 mpaka ku Moatize ndi ku Tete, makilomita oposa 200. Chimene ndimaona n'chakuti anthu a zoimbira amalowetsa sineki poyamba chifukwa ndi yofewa, kenako masipika aakulu aja a besi amawakhazika pamwamba pake kuti asagubuduke. Ulendo wonse ngodya ya sipika ikudinda pamalo amodzi, galimoto ikagwa m'dzenje imadindanso. Ena amaika jenereta pafupi, petulo kapena dizilo n'kumadonthera pamphira. Mafuta amenewa amadya mphira, imafewa kenako imauma n'kusweka. Sineki izilowa pomaliza, pamwamba, kutali ndi jenereta ndi zitsulo zoimikira masipika. Ndipo mukakwera chapa (minibasi) musalole kondakitala aimangirire padenga ndi chingwe chake chija chokoka ndi phazi.

NaPhiri_Domwe
Nanga ife opita kumidzi yosafika galimoto nthawi ya mvula? Kuyambira Disembala mpaka Malichi timadalira njinga yamoto kapena ngolo.

Dalaivala_Mussacama
Pangolo bokosi la akalipentala likwana bwino, muyale udzu pansi. Panjinga yamoto silingatheke, mayi.

Madala_Waya
Panjinga yamoto chitani chonchi. Kulungani 8 pa lona, mumange ndi nsalu pakati pamene zingwe zadutsana ndi kumapeto konse kuwiri. Kenako pindani 8 uja pakati kuti mikombero iwiriyo igonane, ikhale ngati nkhata imodzi yaikulu. Ilowetseni m'thumba la saka, pulasitiki kunja chifukwa cha mvula. Pofika muitambasule kaye kuti ibwerere kukhala 8 musanamasule nsalu. Ena amadula mgolo wapulasitiki wa malita 200 pakati n'kumakulungiramo, mkombero umodzi wapamwamba, wotsatira wolowetsa pansi, koma njira imeneyo imafuna dzanja lozolowera ndipo pa sineki yonenepa imatopetsa mkono.

Dijito_Tete
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona tikuvutikira chinthu chimene nthawi yake ikutha. Ife tinasiya sineki ya kopa. Tili ndi mikisa ya Behringer X32 ndi bokosi la S16 kusiteji, lolowa ma maiki 16 ndi kutulutsa 8. Pakati pake kachingwe kamodzi ka Cat5e, kaja kolumikizira makompyuta, kamafika mpaka mamita 100, mwana wasukulu amakanyamula ndi dzanja limodzi. Mukafuna matchanelo 32 mumalumikiza mabokosi awiri. Gulitsani chimphonacho mugule dijito.

DJ_Fumbi_Moatize
Ndalama zake muwapatsa ndinu?

Kwaya_Ulongue
Achimwene a ku Tete, sineki yomweyi tinasonkha nyengo ziwiri zokolola. Mikisa yathu ndi ya analogi ndipo ikugwira ntchito. Kuti tipite ku dijito tiyenera kusintha mikisa, kugula bokosi, kuphunzitsanso anthu. Sizili pafupi.

Madala_Waya
Dijito ndi yabwino, sindikana. Koma aDijito muwauzenso mbali inayo. Bokosi la kusiteji limafuna magetsi, pamene sineki ya kopa sifuna. Jenereta ikatsokomola, bokosi limazima n'kuyambiranso, mawu onse zii nthawi imodzi. Sineki ya kopa ikafa nambala 7 umasamukira pa 8 mwambo n'kupitirira. Kachingwe kanu kakadulidwa ndi khasu kapena tayala, matchanelo onse apita. Ndipo kachingwe kameneko kamadananso ndi kupotoka. Cat5e ya mu ofesi ija ili ndi waya umodzi wolimba mkati, inapangidwira kukhomedwa pakhoma, ukaikulunga kawirikawiri imathyoka.

Dijito_Tete
N'chifukwa chake timagula yokhala ndi shiludi (chokutira chachitsulo chotchinga phokoso), ya timawaya tofewa, ya mapulagi olimba a etherCON a kampani ya Neutrik, ndipo timayala ziwiri kuti ina ikhale yodikirira. Bokosi ndi mikisa timaziika pa UPS, batire yogwirizira magetsi akathima. Koma za mtengo ndamva, sindikakamiza. Kwa amene akufuna matchanelo owonjezera ochepa, pali timabokosi tosafuna magetsi todutsitsa matchanelo 4 a analogi pa Cat5e imodzi, chifukwa mkatimo muli mawaya awiriawiri magulu anayi. Pa maiki ofuna magetsi a 48V ochokera kumikisa pamafunika chingwe cha shiludi. A ku Ulongue angagwiritse kameneko m'malo mwa matchanelo afawo.

Mlongo_Tsangano
Pali chinthu chimene simunatchule inu a kuchigwa. Kuno mu Juni ndi Julayi m'mawa chingwe chimauma gwa ndi kuzizira, sichifuna kupindika. Tikachikakamiza ndimaopa kuti chisweka.

Madala_Waya
Mukuopa zoona. Mphira ya PVC ikazizira imalimba, ikatentha imafewa. Musachikakamize, chisiyeni padzuwa pang'ono chifewe. Kuno ku Tete vuto lathu ndi losiyana. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo kumbuyo kwa galimoto yoima padzuwa chitsulo chimaotcha dzanja. Chingwe chikakhala mmenemo chitapindidwa molakwika, chikazizira chimasunga mapindikidwe omwewo.

Koma dzuwa lomwelo lingathandize a ku Ulongue. Pitani pabwalo la mpira m'mawa, yalani sineki yonse mowongoka, muisiye ifunde. Kenako munthu mmodzi anyamule bokosi la kusiteji m'manja, wina ayambire kumichira akuyenda ndi chingwe m'manja kukankhira kupotoka kutsogolo, wa bokosiyo azilitembenuza kuti kupotokako kutuluke. Mubwereze mpaka chigone chokha. Zimene zinaduka mkati sizilumikizika, koma zotsalazo mwazipulumutsa.

DJ_Fumbi_Moatize
Kuno mdani wina ndi fumbi la malasha. Limalowa m'mabowo a XLR, olowetsamo mapulagi a maiki, pabokosi la kusiteji, mawu n'kumathetheka ngati chingwe chaduka pamene ndi litsiro chabe. Ine bokosi ndimaliveka thumba nthawi zonse, ndipo pasiteji sindiligoneka chagada mabowo ataloza kumwamba. Achimwene, musanaweruze kuti nambala 12 yaduka, ipopereni mankhwala otsukira mapulagi, mulowetse ndi kutulutsa pulagi kangapo.

Kwaya_Ulongue
Ndiyesa. Nanga tingadziwe bwanji pamene padukira? Tilibe makina oyezera zingwe, tili ndi mita wamba wa magetsi.

Madala_Waya
Mita ikwana. Pindani sineki kuti bokosi ndi michira zikhale pafupi. Pulagi ya XLR ili ndi mapini atatu: 1 ndi shiludi, 2 ndi 3 ndi amene amanyamula mawu. Yezani 1 ndi 1, 2 ndi 2, 3 ndi 3, mita ilire. Kenako yezani 1 ndi 2, 1 ndi 3, 2 ndi 3, pamenepo isalire. Mawu opyapyala a nambala 19 aja nthawi zambiri amatanthauza kuti 2 kapena 3 waduka. Pini 1 akaduka, maiki wamba amayankhabe mwina ndi kaphokoso, koma maiki ofuna 48V sayaka n'komwe.

Mukapeza waya woduka, tsegulani pulagi ya kumchira kaye, kenako bokosi. Kawirikawiri mupeza kuti mtovu wachoka kapena waya wathyokera pakhosi pa pulagi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa ndi chowotcherera. Ngati mbali zonse zili bwino, lumikizani nyimbo patchanelocho motsitsa mawu, wina aziyenda akupinda chingwe pang'onopang'ono mita ndi mita. Pamene mawu abwere kapena kuthetheka, ndi pomwepo. Pakakhala pafupi ndi kumapeto, dulani mufupikitse sineki, ngakhale kuti kuwotcherera mapulagi 28 ndi ntchito ya tsiku lonse. Pakakhala pakati, musang'ambe mphira chifukwa cha tchanelo chimodzi. Chimateni tepi wofiira mbali zonse ziwiri, muchiiwale.

NaPhiri_Domwe
Ndiwonjezereko za pamalo a mwambo. Pamsonkhano wina wa panja galimoto ya alendo inaponda sineki yobwereka ife tikuona, ndipo tinalipira ndife. Kuyambira pamenepo pamene chingwe chikudutsa njira timakumba kangalande kosaya, kuchigoneka, n'kuika thabwa pamwamba. Ana amakondanso kuchipondaponda, ndiye timachidutsitsa m'mbali mwa anthu osati pakati.

Zomba_wa_ku_Zobue
Ndipo chisagone limodzi ndi nthambo ya jenereta mtunda wautali, chimatola kulira kuja kwa magetsi. Zikakumana zidutsane mopingasa. Nthambo ya magetsiyo ndiye muziimasula yonse, ikanyamula katundu wambiri ili chikulungire imatentha.

Kwaya_Ulongue
Ndabwera ndi zotsatira, akuluakulu. Loweruka tinapita pabwalo ndi anyamata onse, tinayala, tinapotolola monga ananenera Madala. Tsopano chikugona pansi, kupatula malo amodzi cha pakati pomwe pali khosi. Nambala 7 unali waya wa pini 2 wochoka m'pulagi ya kumchira, tawotcherera, ikuyankha. Nambala 12 linali litsiro, aDJ munalondola. Nambala 19 yadukira pakhosi paja, ndipo m'pamene tinkamangapo legeni, ndiye taimata tepi wofiira. Anyamata aphunzira 8 ndi zidebe, wamng'ono pa onse ndi amene wagwira msanga. Komiti yavomera kugula matabwa. Akalipentala, chivundikiro chikhale chotseka kwathunthu kapena tisiye mipata?

Kalipentala_Furancungo
Boolani timabowo m'mbali cha kumwamba kuti chinyezi chizituluka, koma mukhomerepo sefa wawaya mkati, apo ayi makoswe alowa ndipo mphira amaikonda. Misomali yonse nsonga ziloze kunja kapena zipindidwe, m'mphepete mwa bokosi mupale ndi sandipepa pomwe chingwe chizikhula potuluka. Pansi muike timiyendo tiwiri tathabwa kuti lisagone pasimenti yonyowa.

Madala_Waya
Ndipo chikabwera ndi matope musachitsekere chonyowa. Pokulunga, amene akukokera chingwe uja agwire kansanza konyowa pang'ono m'dzanja, chingwe chizidutsamo. Chimalowa m'bokosi choyera, ndipo dzanja lomwelo limamva ngati pena patupa kapena pachekeka.

Mlongo_Tsangano
Akalipentala, yathu ndi ya mamita 30, matchanelo 16. Miyeso ikhale yomweyo?

Kalipentala_Furancungo
Kutalika ndi m'lifupi musachepetse, achemwali, kuti mikombero isapanikizike. Chepetsani kuya kokha, masentimita 25 akwana.